Mboni Ziwiri za Kuseri kwa Chimbudzi

Ndinkaonetsa amalonda a ku Mwami kaundula wa pafoni wopanda mwini. Wolembamo katundu wake amayamba watsimikizira zolemba ziwiri za anzake. Mukachuluka zimathamanga, koma mukachepa zako zimangodikira mboni.

Tsikulo tinali ochepa, ndipo matumba a nsawa amene ndinalemba mongopeka anasowa wowavomereza. Ndinati ndikukataya madzi. Kuseri kwa chimbudzi ndinatulutsa foni ya akazi anga ndi ya apongozi, zimene anandipatsa kuti ndikatchajitse, n'kudzichitira umboni ndekha. Nditabwerera, anthu anaona kuti matumba aja avomerezedwa ndipo anaomba m'manja.

Madzulo apongozi anatuma akazi anga kudzafunsa: "Nsawa zimene foni ya amayi yavomerezazi zili kuti?"

Ndinati zili m'njira. Mpaka lero sizinafike, ndipo apongoziwo ndimawazemba kuposa mmene mwambo umafunira.