Sitima Yolondera ndi Utsi wa ku Manda

Chaka chimene Angerezi anamenya nkhondo yolimbirana zilumba zina zakutali, ine ndinali mlonda wa moto m'nkhalango ya paini pa Phiri la Dedza. Ndinali bambo wa ana anayi, koma sindinkatha kulemba ngakhale dzina langa. Ntchito yathu inali kukhala pa nsanja n'kumayang'ana. Ukaona utsi umamenya chitsulo cha njanji chimene anachipachika pamenepo, ndipo kapitawo ankathamanga ndi anthu ake onse kupita kumene waloza.

Pa nsanjapo tinkasinthana awiri. Mnzangayo anali mkulu wa ku Kasina, Mkatolika, amene anapitako kunkhondo ali mnyamata. Tonse tinkangowatcha a Kopolo, potengera udindo wawo wa ku usilikali. Anali ndi kawailesi ka mabatire, Chingerezi ankachimva, ndipo ndiwo ankalemba m'buku la ntchito kuti wakwera nsanja ndani, nthawi yanji.

Miyezi yozizira moto sukhalapo. Nkhungu inkatiphimba mpaka dzuwa litakwera, ndiye tinkangokhala pansi n'kumamvera za nkhondo ija. Tsiku lina a Kopolo anabwera ndi tsamba la nyuzipepala limene anakulungiramo mbatata yootcha. Panali chithunzi cha sitima yotuwa, yaitali, yosongoka ngati mpeni.

"Taona, mphwanga," anatero. "Iyi si yonyamula anthu ayi. Ndi mlonda mnzathu."

"Mlonda m'madzi? Kodi nsomba nazo zimaba?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mutu wakowu ndi dzungu. Imalondera kumwamba. Ukuchiona ichi chonga thandala la mbale pamwambapa? Ndilo diso lake. Limazungulira osapuma, limaona ndege iwe usanaimve. Ikaiona imauza zinzake, kenaka imaponya mzinga kuti ndegeyo igwe isanafike."

Anandifotokozera kuti sitima zotere amaziika kutsogolo, patali ndi zazikulu zonyamula asilikali ndi ndege. Iwonso popita kunkhondo, akuti sitima zing'onozing'ono zinkathamanga m'mbali mwa yawo ngati agalu operekeza ng'ombe.

"Ndiye woyamba kufa ndi mlonda?" ndinafunsa.

"Lero wamvetsa msanga. Wadya chiyani?"

Sipanapite masiku ambiri, wailesi inanena kuti sitima imodzi yamtundu womwewo yalasidwa, yapsa, ndipo anthu afa. A Kopolo anatseka wailesi n'kuvula chipewa. Ine ndinafunsa kuti chinthu chokhala pamadzi chimapsa bwanji, koma sanandiseke. Anangoti, "Diso linalipo. Kaya anaona mochedwa, kaya anaona n'kuyamba kukayika. Zimenezo wailesi sikunena." Masiku omwewo anayamba kundiphunzitsa zilembo, akulemba ndi kamtengo pa fumbi. Mawu oyamba amene ndinalemba ndekha anali akuti sitima, ndipo S ndinamutembenuza.

Inafika nyengo yotentha, udzu unauma, masamba a paini ankachita phwatha pansi pa mapazi. Tsiku lina a Kopolo analemba dzina lawo m'buku kuti akwera masana, ine ndikalambule udzu kumsewu wotchinga moto. Koma malungo anawagwira. Ndinawagoneka m'kanyumba ka pansi pa nsanja, n'kukwera ine. Buku sitinasinthe. Ndani akanaganiza za buku?

Dzuwa litapendeka pang'ono ndinaona utsi wochepa, woyera, kumalire a nkhalango. Malowo ndinawadziwa nthawi yomweyo. Anali manda a kwathu, ndipo sabata imeneyo amuna anali m'nkhalango ya mandayo akukonzekera gule wamkulu wa mwambo wa maliro. Ine ndinalowa gule ndili mwana. Malo amenewo safikako munthu wosalowa, safikako mkazi, ndipo wolowa saloza chala kumeneko. Ndikanamenya chitsulo, kapitawo akanathamangira komweko ndi gulu lonse, Akhristu, alendo ochokera maboma ena, amayi osenza madzi. Ndipo mudzi wonse ukanadziwa amene anawaitana.

Nyundo ndinali nayo m'manja. Ndinadziuza kuti ndi moto wowotchera chimanga, azimitsa okha. Ndinayang'ana mbali ina, ndinabwereranso. Utsi unayamba kuda. Ndinadikirabe. Kenaka mphepo inatembenuka, ndipo pamene ndinamenya chitsulo moto unali utalumpha kale msewu. Unayaka mpaka mawa lake, n'kutha mitengo yambiri imene inatsala pang'ono kuchekedwa. Munthu sanafe.

Patapita masiku awiri kunabwera bwana wa zankhalango, limodzi ndi munthu wa chipani. Zaka zimenezo mitengo ya boma ikapsa, funso silinali la moto lokha ayi. Ankafuna kudziwa ngati wina akudana ndi boma. Anatiimika pansi pa nsanja, bwana uja n'kutsegula buku.

"Anali pamwamba ndani?"

A Kopolo, akunjenjemerabe ndi malungo, anati, "Bwana, buku mwaliwerenga."

"Ndiye munagona?"

A Kopolo anatembenuka. Anandiyang'ana kamodzi kokha, mwachidule, n'kuyang'ana pansi. Ine ndinaganiza za ana anga, ndinaganiza za amuna a kumanda aja amene akanafunsidwa mmodzimmodzi, ndipo zoona ndinazisunga mumtima. Bwana uja anawakweza galimoto a Kopolo. Anawatsekera masabata angapo, ndipo pobwerako ntchito inali itatha. Ku Kasina anthu ankati msilikali uja anagona pa ulonda.

Ndinatenga miyezi itatu ndisanapite kukawaona. Ndinawapeza m'dimba akupalira kabichi, ataonda. Anandipatsa moni ngati tinasiyana dzulo, n'kundilozera mwala woti ndikhalepo.

"Utsi unauona?"

"Ndinauona, bambo."

"Ukadali woyera?"

"Ukadali woyera."

Anagwedeza mutu. "Ndinamva kuti unayambira kumanda. Ndinadziwa." Anapitiriza kupalira mzere wonse mpaka kumapeto, n'kubwerera. "Ine ana anga anakula. Iwe ako akadali aang'ono. Koma usaganize kuti sizinandiwawe."

Ndinati ndipita kwa bwana ndikanene zoona. Anandifunsa kuti liti. Ndinati sabata yamawa. Anangondithyolera kabichi awiri kuti ndikapatse mayi a ana.

Kwa bwana sindinapite. Sabata yamawa inafika, mvula inayamba, kenaka anandipatsa mnzanga wina pa nsanja, ndipo ndinagwira ntchitoyo zaka zina khumi. A Kopolo anamwalira patapita zaka zinayi. Kumaliro ndinapita, ndinakumba nawo manda, ndipo ndinamva munthu wina kumbuyo kwanga akunong'oneza mnzake kuti ndi aja anagona pa nsanja. Ndinapitiriza kukumba.

Sukulu ya akuluakulu ndinalowa tsitsi litayamba imvi. Tsopano maso akuchita mdima, ndipo amuna onse amene anali kumanda tsiku lija anapita. Adzukulu a a Kopolo alipo, ena ndimakumana nawo pa msika, amandipatsa moni mwaulemu. Akula akumva kuti agogo awo anachotsedwa ntchito chifukwa cha tulo. Pepala ili ndiwapatsa iwowo. Agogo anu anali pansi akudwala, ndinawafunditsa bulangeti ndine. Pamwamba ndinali ine, ndipo ndinali maso.