Tiyi wa kumunda kwa amayi

Dzulo mnzanga wa kumgodi kuno ku Moatize anandikonzera tiyi wa kumunda wina wa ku Thyolo. Fungo lake, longa la dothi mvula yoyamba itagwa, linandibwezera ku Zóbuè, kumene agogo anandilera amayi atamwalira.

Agogo ankaitanitsa tiyi wa munda womwewo kwa woyendetsa shapa, minibasi yopita ku Malawi. Tinkamwa wopanda mkaka, wofiira ngati uchi, wowawirako palilime koma wotsekemera pakhosi.

"Imwa, mwanawe. Amako ankathyola m'munda umenewu titathawira nkhondo ku Malawi."

Ine ndinayamba kukhulupirira kuti amayi ali moyo kumeneko, ndipo ndiwo amatitumizira. Mapaketi otha ndinkawabisa pansi pa mphasa.

Tsiku lina ndinati, "Agogo, mundikweze shapa ndikawathokoze."

Agogo anaika kapu pansi. "Amako agona kuseri kwa tchalitchi, Rosa. Koma mitengo imene ankathyola ikuphukabe. Imwa asanazizire."

Ndinalira, koma ndinamwa yense.

Lero ndikudziwa kuti agogo, ogulitsa tomato chabe, sakanayenera kumwa tiyi wodula chotero. Ankangofuna kuti mwana wosakumbukira nkhope ya amake akhale nako kena kawo kolawa.