Kaliyala wa Meshack Ng'uni

Meshack Ng'uni ankawotcherera zitsulo pa boma la Chama. Anali munthu wamfupi, wosalankhula zambiri, ndipo maso ake ankakhala ofiira chifukwa cha moto wa ntchito yake. Njinga ikathyoka, ngolo ikaguluka, chigayo chikang'ambika sefa, anthu ankangoti, "Pitani kwa a Ng'uni."

Mkazi wake Damaris anali ndi mchimwene wake dzina lake Cyprian. Meshack ndiye anamuphunzitsa kuyendetsa galimoto, namusunga pakhomo zaka ziwiri. Mu 1994 kutabwera mzungu wina, Bradley, amene ankatengera alendo kukaona nyama ku Chifunda, Meshack ndiyenso anamulankhulira Cyprian mpaka anamulemba udalaivala.

Bradley anali atagula tenti yachilendo, yogona pamwamba pa galimoto. Poyenda inkapindidwa ngati bokosi, ukafika n'kuitambasula, n'kukwera pa makwerero. Ankati pamenepo fisi sangakununkhize. Chimene chinkasowa ndi kaliyala woikapo tentiyo, ndipo anapempha Meshack kuti amupangire.

Meshack anagwira masiku anayi. Atamaliza anabwereka sikelo yoyezera chimanga, nayeza tenti payokha, kaliyala payekha. Zonse pamodzi zinapitirira pang'ono thumba limodzi la makilo 90. Anaitana Bradley ndi Cyprian.

"Galimoto ikaima, anthu awiri agone pamwambapa, palibe vuto," anatero. "Koma poyenda, denga lakwana ndi tentiyi. Mukawonjezera, galimoto iyamba kulemera kumutu. Pamalo opendekeka idzagwa."

Bradley anavomera, nauza Cyprian kuti zigubu ndi katundu yense aziika mkati. Cyprian anaseka. "Alamu, nanga munandiphunzitsa ndinu. Ndingaiwale?"

Mu Ogasiti uthenga unafika ndi munthu wa panjinga kuti galimoto yagubuduka potsetsereka kukamtsinje kouma, njira ya ku Chifunda. Tsikulo Bradley anali atatsogola ndi alendo pagalimoto ina. Mu iyi munali Cyprian ndi wophika wa kampani, bambo Donald, amene anathyoka mwendo. Cyprian anangokalika pachigongono.

Meshack anakwera lole ya thonje, kotsalako nayenda pansi. Anapeza galimoto ataidzutsa kale, denga litaphwanyikira mbali imodzi, kaliyala ali chagada mumchenga. Anagwada n'kuyang'ana mfundo iliyonse imene anawotcherera. Palibe ndi imodzi yomwe imene inaduka. Chimene chinang'ambika ndi mkombero wa denga, pamene miyendo ya kaliyala inkagwira. Atafunyulula nsalu ya tenti, munagwa mpunga wosapuntha, wodzaza manja awiri. Nyerere zinali zitayamba kale kututa wina mumchenga.

Anadziwa pomwepo kuti Cyprian anasenzetsa matumba a mpunga pamwamba pa tenti. Mpunga wa ku Chama unkagulidwa bwino kumisasa ya alenje.

Bradley anawasonkhanitsa pansi pa mtengo wa mtondo. Meshack anadikira kuti mlamu wake ayambe yekha kunena zoona.

"Bwana, pamwamba panali tenti yokha," anatero Cyprian, akuyang'ana nsapato zake. "Ndinangomva chitsulo kuti thyo! Kaliyala anapendekeka, n'kukoka galimoto yonse. Alamu anga ntchito amaidziwa, koma masiku ano maso awo saona bwino. Kunyumba tonse tikudziwa."

Meshack anatambasula dzanja, naonetsa mpunga uja.

"Nanga uwu wachokera kuti, Cyprian? Unali matumba angati?"

"Ndi wa kukhitchini," anayankha Cyprian msangamsanga. "Funsani a Donald."

Bambo Donald anali atagona pamphasa, mwendo atawumanga ndi timitengo. Anatembenukira kumbali. "Ndi wa kukhitchini," anatero motsitsa mawu.

Meshack anakokera Bradley pa kaliyala kuti aone yekha mfundo. Koma mzunguyo anali ndi alendo okwiya, wantchito wovulala ndi galimoto yophwanyika, ndipo za zitsulo sankazidziwa. Anaona anthu awiri akunena chimodzi, wachitatu ali ndi maso ofiira. Anangoti, "Ndinakukhulupirira, Meshack," n'kuchokapo.

Nkhani inafika pa boma Meshack asanafike. Ankati a Ng'uni ayamba khungu, atsala pang'ono kupha anthu. Mwini chigayo anayamba kutumiza zitsulo zake ku Lundazi. Aphunzitsi amene ankabweretsa mafelemu a mabedi anasiya.

Tsiku lina masana Meshack anapita kumudzi kwa apongozi ake kukakonza chitseko cha nkhokwe. Mayiwo, posadziwa kanthu, anayamba kudandaula kuti mwa matumba anayi a mpunga amene Damaris ndi Cyprian anatenga, awiri anabwerera atang'ambika, odzaza mchenga.

Anamaliza chitsekocho, nabwerera kunyumba. Damaris anali kuchapa kuseri.

"Amake Mwiza, matumba aja munathira ndinu?"

Damaris anasiya kuchapa, manja ali m'beseni. "Atate a Mwiza, ndinkati ndi ulendo umodzi chabe."

"Ndipo milungu yonseyi anthu akunditcha wakhungu, inu muli chete?"

"Akanamuchotsa ntchito. Mwina akanamumanga. Inu muli ndi luso m'manja, iye ali ndi chiyani? Manje ndikanatani?"

Meshack sanakalipe. Analowa m'shedi n'kuyamba kulongedza zipangizo zake.

Mvula isanagwe anasamukira ku Kambombo, kwawo kwa bambo ake. Damaris anamutsatira patapita mwezi, ndipo Meshack anamulandira. Anabereka ana ena awiri. Koma dzina la Cyprian silinkatchulidwa pakhomopo, ndipo Damaris akafuna kuona mchimwene wake ankapita yekha.

Ku Kambombo kulibe magalimoto ambiri. Meshack ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, kumata matayala ndi kuwongola masipoko, mvula ikagwa n'kumalima chimanga. Mu 1998 mwamuna wina wa ku Chikwa anabwera kudzapempha kuti amupangire kaliyala wa minibasi yake, atamva kuti kale kunalibe wina womposa. Meshack anamupatsa mpando ndi madzi akumwa, namvetsera mpaka anamaliza. Kenako anamuuza kuti za pamwamba pa galimoto anasiya, ndipo anamulozera njira ya ku Lundazi.