Seveni Amakhala Pamwamba

A Andrea Namakhwa a ku Ndunde anagwira ntchito pa sikelo, ku depoti yogula nandolo ndi chimanga, mpaka imvi zinadzaza mutu. Popuma ntchito sanawapatse njinga kapena malata. Anangoti tengani kakyuleta yanuyi, ife tagula zatsopano. Inali yaikulu ngati njerwa, ya mabatani otuwa, ndipo manambala ake ankayaka mobiriwira pa kagalasi. Inafa kalekale. Koma mukawapeza pakhonde, imakhala ili pamwendo, zala zikuthamanga pa mabataniwo, nkhope atalozetsa kumsewu. Kumsewuko saonako bwino, poti ng'ala inawaphimba maso.

Mkuluyu ndi wa liuma, tisabise. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Maluwa, anachoka pakhomo atayambana nawo chifukwa cha mwamuna wa ku Mzuzu amene iwo sankamufuna. Mawu amene anamulankhula tsiku limenelo sitingawabwereze pano. Patapita zaka, mayi ake atamwalira kale, Maluwa anatumiza foni ya mabatani kudzera mwa mnzake, ndi uthenga wakuti ababa akafuna aimbe. Mnzakeyo anati aisunge nambala m'fonimo, iwo anakana.

"Tchulani kamodzi basi. Nambala imakhala m'mutu."

Anaigwiradi. Koma kuti mtima ugonje panadutsa masabata. Tsiku limene anaimba, anaika foni pafupi ndi mphuno, nasinzinitsa diso, nadina ziro, naini, naini. Kenako anaona kuti kumeneku nkudzichepetsa. Iwo, a Namakhwa, kuyang'ana mabatani ngati mwana wa sukulu? Anaitsitsa, zala zinamaliza zokha.

Anayankha mzimayi.

"Maluwa, ndine bambo wako."

"Ndani? Bambo anga anamwalira." Foni inaduka.

A Andrea anatsitsa foni. Anamwalira? Anadzigwira pachifuwa. Kodi wina wakamunamiza mwanayu, kapena ndi mmene wawakanira? Nanga ngati wawakana, foni anatumiziranji? Mawuwo ankamveka ngati ake, komanso ngati si ake. Mwina ndi mmene anthu amalankhulira akakhalitsa kumpoto. Mtima unawawawa kwambiri, ndipo tsiku limenelo sanadye.

M'mawa mwake anaimbanso, mkuja wakenso chimodzimodzi. Mzimayiyo anawakalipira, anawatchula wakuba wa pa foni, kenako anatopa nkumangomvetsera. Iwo ankamuuza za chitsime chimene chinauma, za mtengo wa mapeyala umene anadzala ali mtsikana. Iye ankati, "Abambo, mwasokoneza nambala, ine si Maluwa." Iwo ankati, "Ndikudziwa kuti wakwiya, mwana wanga." Tsiku lina anapepesa, chinthu chimene sanachitepo kwa munthu aliyense wa ku Ndunde. Kumbali inayo kunamveka kufwenthera.

Atafika poti mutu sukugwiranso, anakwera kabaza kupita pa Boma kwa a Lajabu okonza mawayilesi ndi mafoni. Kakyuleta anaitenganso m'jumbo, poti saisiya.

"Foniyi ikusintha mawu a mwana wanga," anatero.

A Lajabu anati imbani ndione. Anaonerera zala zija, nawapempha atchule nambala pakamwa, nayang'ana pa galasi. Kenako anatulutsa kakyuleta m'jumbo muja naiika pambali pa foni.

"Achimwene, seveni ali pati?"

"Pamwamba, kumanzere. Nalonso ndi funso?"

"Apa ndi zoona. Koma pa foni pamwamba pali wani. Seveni ali pansi."

A Andrea anapapasa uku, anapapasa uko. Sanamvetse. Ndani wanzeru zake angaike wani pamwamba? Anati foniyo ndi yabodza, a Lajabu anabweretsa zina zitatu, zonse chimodzimodzi. Ndiye kuti dziko lonse linatembenuza manambala iwo osauzidwa.

"Nanga amene ndakhala ndikulankhula nayeyu ndani?"

"Zimenezo sindingadziwe."

A Lajabu anadina okha nambala yeniyeni. Maluwa anayankha, ndipo mawu ake sanali ofunsa kawiri. Anati wakhala akudikira, anafika poganiza kuti foniyo anaitaya m'chimbudzi. A Andrea anatsegula pakamwa kuti anene zija anazikonza bwino, koma zinakana kutuluka, poti anali atazinena kale zonse kwa munthu wina. Anangofunsa ngati ku Mzuzu kukuzizira. Maluwa anadikira pang'ono, kenako anati ali pa ntchito, aimbanso Lamulungu.

Anabwerera kunyumba atakumbatira jumbo, osadziwa ngati asangalale kapena ayi. Dzuwa litapendeka, ali pakhonde, foni inalira. Anaipapasa mwachangu, akuganiza kuti mwana sanapirire mpaka Lamulungu.

"Ababa," anatero mzimayi uja, "lero simunaimbe. Muli bwino?"