Masiku Asanu Kuseri kwa Chitseko

Choyamba chinali ludzu. Amuna anga, bambo a Shakira, anayamba kumwa madzi modabwitsa, ndipo kukataya madzi kunali pafupipafupi. Koma unali mwezi wa Ramazani, ndiye ndani akanadabwa? Munthu wosala tsiku lonse, dzuwa likumuwotcha m'munda wa mpunga, nthawi yomasula ikakwana amamwa ngati ng'ombe. Ndinkangowaseka kuti atimalizira mtsuko. Kuwonda kwawo nakonso ndinati ndi kusala komweko.

Nthawi imeneyo matenda a kolona anali atangolowa m'dziko muno. Sukulu zinali zitatsekedwa, ana athu atatu ali pakhomo tsiku lonse, kudya ndi kukangana basi. Ku mzikiti ankalowa anthu owerengeka, moti amuna anga anayamba kutiswalitsa pakhonde. Ine mantha anandigwira kuposa onse. Ndinaika chidebe ndi sopo pakhomo, ndipo aliyense wofika, ngakhale apongozi anga amene timakhala nawo, ndinkamusambitsa m'manja. Anthu kuno ku Chia anafika ponditchula kuti a Nduna a Zaumoyo. Sindinkasamala nazo. Wailesi ikanena chinthu kamodzi, ine ndinkachita kawiri.

Loweruka lina anabwera kumunda atamanga kansalu kuphazi lamanzere. Anati aponda chitsa cha bango pothamangitsa mbalame. Ndinaona kabala kakang'ono pansi pa chala chachikulu, kosatuluka ndi magazi omwe. Anati sikakupweteka n'komwe, ndipo m'mawa mwake anabwereranso m'madzi a mpungawo. Ndinakaiwala kabalako.

Lachitatu thupi lawo linatentha kwambiri. Ankanjenjemera masanasana, mutu ukuwawa, m'thupi monse mukuphwanya, komanso ankatsokomola pang'ono. Masiku angapo m'mbuyomo anali atapita kumsika ku boma. Ndinati basi, kolona yatipeza. Nditatchula za chipatala anakana kwamtuwagalu.

"Amayi a Shakira, kumeneko ayi," anatero. "Mukumva zimene anthu akunena. Wofera kumeneko akuti amamukulunga m'pulasitiki, osamusambitsa, osamuveka sanda, abale ataima patali. Ngati n'kufa ndifere pano, a Shehe adzandisambitse."

Sindinalimbane nawo, ndipo ndivomere kuti ndinali ndi chifukwa changa. Ndinkaopa kuti azaumoyo akabwera pakhomo ndi zovala zawo zija, anthu adzatisala, mpunga wathu osaugula, ana anga osasewera ndi anzawo. Ndinkaderanso nkhawa apongozi anga, amene amadwala mphumu. Choncho ndinatulutsa matumba m'kachipinda kosungiramo mpunga, ndinayala mphasa, ndinaikamo ndowa, mbale ndi kapu yawoyawo. Analowa, ndipo chitseko ndinatseka ine ndemwe.

Anakhalamo masiku asanu. Chakudya ndinkaika pansi pakhomo, kugogoda, n'kubwerera m'mbuyo msanga. Ana ndinawaletsa ngakhale kudutsa pawindo. Amuna angawo ndinkawaphikira mandimu ndi jinja, kuwawiritsira masamba a bulugamu kuti azifukiza, ndipo m'tiyi ndinkathira shuga wambiri kuti apeze mphamvu, poti anali atasiya kusala. Ndikafunsa kuti muli bwanji, ankayankha kuseri kuti ndili bwinoko. Ndinkamvetsera chifuwa chokha, chifukwa ndi chimene wailesi inkanena. Chifuwacho chinasiya pa tsiku lachitatu, ine n'kuthokoza Mulungu. Pa masiku onsewo sindinawaonepo ndi maso anga.

Lolemba m'mawa ndinapeza mbale ya dzulo lake isanakhudzidwe, ntchentche zili wirawira pampata wa pansi pa chitseko. Panali fungo limene sindingalifotokoze. Nditagogoda anayankha, koma zosamveka, ankatchula malemu bambo awo. Ndinamanga chitenje kumphuno n'kukankha chitseko. Phazi linali litatupa mpaka m'kakolo, chala chachikulu ndi chinzake zitada bii, mafinya atanyowetsa mphasa. Milomo inali itauma, maso atalowa m'kati. Ndinakuwa, mayo ine, ana onse n'kuthamangira pakhomo, malamulo anga aja osawakumbukiranso.

Anyamata awiri a njinga zamoto anakana kutinyamula atamva zoti wodwalayo ndi wotentha thupi. Anatithandiza ndi alamu anga a Yusufu, akulu awo a amuna anga, amene anapeza galimoto yonyamula nsomba. Pachipatala chaching'ono anatisambitsa m'manja pageti, kutiyeza kutentha pamphumi, n'kutikhazika patokha pansi pa mtengo. Tinadikira nthawi ndithu. Adokotala anabwera atavala masiki ndi magolovesi, anawabaya chala kawiri. Malungo sanapezeke. Shuga ndiye anali atakwera koopsa. Anandifunsa kuti anayamba liti kumwa madzi kwambiri, ndipo nditayankha anangopukusa mutu n'kuitana ambulansi.

Kuchipatala chachikulu ku boma anawatenga za m'mphuno kuti akayeze kolona, n'kuwagoneka m'kachipinda kapadera podikira zotsatira. Gadiyani ankaloledwa mmodzi yekha, ndiye ndinatsala ine, ana n'kuwasiya m'manja mwa apongozi anga. Anawaika diripi, jakisoni wa shuga, ndi mankhwala ena odzera m'mtsempha. Tsiku lotsatira anawatengera ku opaleshoni. Ndinakhala pabenchi panja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, osadya kanthu. Anatuluka atachotsedwa zala ziwiri.

Ndinaganiza kuti zatha, koma ayi. Adokotala anatenga cholembera, anajambula mzere kuzungulira mwendo pamwamba pa kakolo, pamene kufiira kunalekezera.

"Mayi, kufiira uku kukadutsa mzere uwu, tidula mwendo pansi pa bondo," anatero. "Tipirire masiku angapo tione."

Mlimi wa mpunga wopanda mwendo angalowe bwanji m'matope? Ndinkadzifunsa zimenezi ndikuchapa, ndikuphika ku malo a magadiyani, ndikuswali pakona. M'mawa uliwonse anamwino asanafike kudzatsuka chilonda, ndinkavundukula bulangete kuyang'ana mzere uja. Tsiku lachiwiri kufiira kunaukhudza mbali ya kumbuyo. Ndinatuluka panja kukalira kuti iwo asandione. Tsiku lachitatu kunaima pomwepo. Tsiku lachinayi ndinaona kampata kakang'ono pakati pa mzere ndi kufiira, koma sindinakhulupirire maso anga mpaka anamwino atavomereza.

Zotsatira za kolona zinabwera sabata yomweyo. Analibe. Anatisamutsira ku wodi ya amuna, ndipo kumeneko moyo unali umodzimodzi tsiku ndi tsiku: kuyeza shuga asanadye, jakisoni, kutsuka chilonda, kudikira adokotala. Potsuka chilondacho amuna anga ankaluma chitenje changa kuti asakuwe. Chikondwerero cha Idi chinatipeza momwemo, alamu anga atangosiya chakudya pageti n'kubwerera. Tsiku lina ndinawafotokozera anamwino achikulire za kachipinda ka mpunga kaja, ndikuyembekezera kuti andikalipira.

"Kumupatula wodwala simunalakwe, mayi," anatero. "Koma mukanatidziwitsa tsiku loyamba lomwelo. Ndipo wodwala amafunika kumuona, osati kungomumva mawu. Anthu a shuga nthawi zambiri samva ululu kuphazi, n'chifukwa chake bambowa sanadandaule."

Tinatuluka patatha masabata atatu ndi masiku angapo. Chilonda chinatenga miyezi kuti chitsekeke, ndipo mpunga wa chaka chimenecho anatikololera ndi abale. Lero bambo a Shakira akuyenda ndi miyendo yawo iwiri, ngakhale amatsimphina pang'ono. Amapita okha ku mzikiti. Kumunda salowa opanda magambuti. Mwezi uliwonse amakatenga mankhwala ndi kuyezetsa shuga, tiyi amamwa wopanda kanthu, mpunga ndi kondowole amadya moyeza uku akung'ung'udza. Nkhani ya kusala amayamba afunsa adokotala. Ine ntchito yanga ndi kuwayang'ana mapazi m'mawa uliwonse, pansi pake ndi pakati pa zala, monga anandiphunzitsira kuchipatala.

Kwa amene mukuwerenga, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda musazipezere zifukwa nokha monga ndinachitira ine, kayezetseni. Kabala ka kuphazi musakaderere. Thupi likatentha pitani kuchipatala msanga, mphekesera za m'mudzi sizichiza munthu. Ndipo ngati pali chifukwa chomupatulira wodwala, valani masiki, mulowe mukamuone thupi lonse.

Amuna anga sanandinenepo mlandu ngakhale tsiku limodzi, amangoti zonse ndi za Mulungu. Koma ndikafika pamalo pamene panali zala ziwiri zija, ndimakumbukira zimene adokotala ananena potitulutsa, kuti tikanafika masiku atatu m'mbuyo zalazo zikanapulumuka. Masiku atatu amenewo ine ndinali pomwepo, ndikugogoda chitseko n'kuthawa.