Kamunthu ka m'Katiriji

Ndikamva fungo la pulasitiki wotentha pa makina anga a magemu, ndimakumbuka kashopu ka amalume pafupi ndi Msika wa Lilongwe, momwe ankakonzeramo ma TV. Ndi momwemo ndidagwira gemu koyamba. Kamunthu kanga kadagwera m'dzenje, chithunzi n'kuuma. Ndidalira, poganiza kuti ndakapha.

"Sikadafe, kangokomoka," adatero amalume. Adasolola katiriji, kabokosi kosunga gemuyo, n'kundipatsa. "Kauzire mpweya, mphwanga."

Ndidauzira ndi mphamvu zanga zonse, fumbi n'kundilowa m'mphuno. Atabwezeramo, kamunthu kaja kadadzuka n'kuyamba kuthamanga. Kunyumba ndidauza amayi kuti ndadzutsa munthu.

Magemu a masiku ano ndi okongoladi, koma akauma amangofuna bandulo ya intaneti. Palibe gemu yomwe idandifunapo ine mwini ngati ija.