Ndawatsitsa amayi ndi nkhuku zawo pa chapa ya ku Zobue

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangofika kumene pakhomo. Ndinapita kukatunga madzi, pobwera ndapeza khola lili pululu, amayi kulibe, nkhuku zawo zinayi zija kulibenso. Ndathamanga mpaka pa paraje pokwerera magalimoto, ndawapeza atakhala kale mu chapa, minibasi ya ku Zobue, dengu la nkhuku lili pamiyendo, ataliphimba ndi chitenje chonyowa.

Paja chibwerereni amayi kuno ku Moatize, dera la 25 de Setembro, kudzalandira mankhwala a mwendo, miyezi iwiri tsopano, nkhukuzo sizinaikirepo dzira ndi limodzi lomwe. Gaga ndinagula, phulusa la utitiri ndinathira, osaphula kanthu. Ndi kutentha kwa Moatize basi. Masana zimangoti kukamwa yasa, mapiko ali lende, chakudya osachiyang'ana. Zinazolowera kamphepo ka kumapiri kwathu ku Zobue.

Amayi akuti zimenezi ndi zidzukulu za thadzi lija anabwera nalo pamutu pochokera ku Malawi nkhondo itatha, ndiye mbewuyo siingathere m'manja mwawo.

Ndawagwira mkono kuti atsike, anthu onse maso pa ine. Iwo osakweza mawu n'komwe, amvekere, "Mwanawe, nkhuku zasiya kuikira waona msanga. Ine ndinasiya kugona kalekale, sunaone."

Panopa ali pakhonde, dengu lili pambali, sakundiyankhula. Ine ndikungozungulira pabwalo, mtima suli m'malo.

Achimwene, achemwali, kuchipatala akuwafuna Lachinayi. Ndiwatsekere chipata, kapena mawa ndikawakweze chapa ndekha?